Kachipinda ka Kuseri kwa Famase

Wogulitsa mankhwala atangotseka chitseko cha kachipinda ka kuseri, phokoso la m'famase linangoti zii. Mkazi wa kalipentala anakhala pansi atafumbata kachikwama, osadziwa chimene mwamuna wake, munthu wosayankhulayankhula, wamubweretsera kuno.

Kalipentala anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola.

"Adokotala, kunyumbaku moto unazima. Thupi langa likukana. Mayi awa akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi."

Mkaziyo anamva ngati nthaka yagwedezeka. Miyezi yonseyi ankanunkhiza malaya a mwamuna wake pochapa, akulirira mumtima poona munthu akugona choyang'ana kukhoma, buluku osavula.

Wogulitsa mankhwalayo, mayi wa magalasi, sanaseke ndipo sanayang'ane kumbali. Anamuyeza kalipentalayo kuthamanga kwa magazi, kenako anamubaya pang'ono pachala.

"Bambo, shuga wanu wakwera kwambiri. Amawononga mitsempha, ndiye magazi safika kumene akufunika. Simuli nokha ayi, ndipo thandizo lilipo. Mawa mupite kuchipatala, koma mapiritsi a mumsewu musawayerekeze."

Mkaziyo anagwira pakamwa. Nkhani yonse ija, yotuluka m'kadontho kamodzi ka magazi!

"Ndiye mkazi mnzangayo ndi shuga?"

Kalipentala anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Munthu amene sanalire ngakhale tsiku limene sowo inamucheka dzanja.

"Bambo a ana, mwasenza zimenezi nokha?" ananong'ona.

Wogulitsa mankhwala anatambasula dzanja ndi kathonje. Mkaziyo anakalandira, nakagwiriza yekha pachala chokhakhala cha mwamuna wakecho ndi manja onse awiri.