Voti ya Mzee Mligo

Fungo la mpunga wa pilau linamulandira Mama Tulizo asanafike n'komwe pakhomo la holo. Anaima, nagwira m'chiuno.

"Ukulimva, Sikujua?" anafunsa mnzake wogulitsa naye pabenchi imodzi. "Ndi fungo la mantha limeneli. Mzee Mligo wawaphika pamodzi ndi nyama ya mbuzi."

Bungwe la ogulitsa tomato ku Makambako linali ndi lamulo lake. Anthu akapanda kukwana theka pa msonkhano waukulu wa pachaka, chisankho sichichitika, wapampando amangopitiriza. Ndipo anthu sankakwana. Akanakwana bwanji? Msonkhano unkagwa tsiku limene malole ogula tomato andanda kumsika. Mlembi ankawerenga lipoti ngati akulira maliro a munthu wosamudziwa, uku mphepo ikulowa pamazenera osweka. Ochepa obwerawo ankawodzera, kudzuka, n'kumapita. Wapampandoyo, Mzee Mligo, ankapukusa mutu mwachisoni, n'kukhalanso pampando chaka china. Chisoni chimenecho Mama Tulizo ankachidziwa bwino. Chinali chisoni cha munthu wokhuta.

Chaka chino mayiyu ananena poyera kuti apikisana naye. Ndiye taonani, mkulu uja anasanduka katswiri wokonza misonkhano.

Uthenga woitanira anthu unalira m'mafoni kudakali nthawi, unaliranso, mpaka ena kutukwana. Tsiku anasankha Lamulungu masana, matchalitchi ataweruka, malole kulibe. Mazenera anatsekedwa ndi makatoni. Mipando imene kale inkayang'ana kutsogolo ngati ya ana a sukulu, lero inayalidwa mozungulira. Okalamba anakawatenga panjinga zamoto. Holo inadzaza, ena kuima m'mbali mwa khoma.

Mwini wake anali pakhomo, jekete yomanga mabatani onse, akupereka moni kwa aliyense.

"Mama Tulizo, mwafika! Khalani kutsogolo, anthu akuoneni bwino."

"Zikomo, Mzee. Inunso mukhale pafupi ndi khomo, musavutike potuluka."

Mkuluyo anaseka ngati wauzidwa nkhani yokoma. Mama Tulizo anamutsina Sikujua.

"Kuseka kwa munthu amene wawerengera kale mimba za anthu," ananong'ona.

Mlembi anaimirira, nayamba maliro ake aja. Asanafike patali, Mzee Mligo analiza belu.

"Bwana mlembi, tiuzeni zikuluzikulu zokha. Anthuwa abwera ndi mafunso."

Maikolofoni inayamba kuyenda m'manja, ndipo mafunso anagwa ngati matalala. Khonsolo ikufuna kuchotsa msika pamsewu n'kuuponya kuthengo, wapampando akuti chiyani? Chimbudzi chinadzaza kalekale, wapampando sanunkhiza? Wina benchi yake inasunthidwa, wina mabokosi ake anabedwa, wina mnzake amamulanda makasitomala ndi mankhwala. Zonsezo wolakwa anali mmodzi.

Mzee Mligo sanadziteteze ngakhale pang'ono.

"Zoona, amayi. Pamenepo ndinalephera. Inunso bambo mukunena zoona. Ndakalamba, mutu sukugwiranso."

"Kudzichepetsa kogula m'sitolo," anatero Mama Tulizo.

Koma ataunguza, anaona kuti nyamboyo yagwira. Amayi ena ankapukuta m'maso. Bambo wa mabokosi obedwa uja ankagwedeza mutu, akuti mtsogoleri wovomera kulakwa masiku ano ndi wosowa. Nkhalamba yochenjera! Inawadyetsa anthu ulemu pilau isanatuluke n'komwe.

Nthawi yake itakwana, Mama Tulizo anamanga nsalu mwamphamvu, nalanda maikolofoni.

"Ine sindinakuphikireni kanthu. Ndabwera ndi ine mwini. Mukandisankha, foni yanga sidzazima. Khomo langa silidzatsekeka. Khonsolo ikadzasuntha msika uwu ine ndili moyo, mudzandigende ndi tomato wowola!"

Holo inagwedezeka. Woomba m'manja kuposa onse anali Mzee Mligo. Chinyengo chake chinalibe manyazi.

Mavoti anaponyedwa mundowa. Powerenga, milu ya mkuluyo ndi mayiyo inkakwera limodzi ngati mapasa. Mama Tulizo anatuluka thukuta ngakhale kunkazizira. Akaluza, akaonekera pati kumsika? Anali atauza kale aliyense, ngakhale ogula, kuti ufumu wa Mligo watha.

Mlembi anakonza pakhosi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anthu onse anamumvetsera.

"Mama Tulizo apambana ndi voti imodzi."

Sikujua analuluta mpaka mawu kutha. Wopambanayo asanakhale pansi, anthu anali atamuzinga kale. Wa benchi uja, wa chimbudzi uja, wina akuti mawa m'mamawa alawirire kukhonsolo. Iye anawapempha kuti adikire. Panali chinthu chimodzi chimene anachilakalaka zaka zambiri: kuona nkhope ya Mzee Mligo itagwa, n'kumuuza pepani wothira shuga.

Anamupeza kuseri kwa holo, atayang'ana kukhoma, foni pakhutu, mapewa akunjenjemera. Mama Tulizo anaima. Kachisoni kanamugwira pang'ono. Munthu wamkulu chonchi, kulira ngati mwana chifukwa cha mpando!

Atasendera pafupi, anamva kuti si kulira. Mkuluyo ankaseka mpaka kutsamwa.

"Mama Baraka, mkazi wanga, longedzani katundu mubwerere kunyumba, simudzagogoderedwanso ndi anthu a tomato. Ndamasuka! Zaka zonsezi ndikusaka wonditula mpandowu osamupeza; lero wapezeka, anthu akwana, koma opanda chisoniwa anatsala pang'ono kundisankhanso. Mwayi wake, voti yanga ndinaponyera Mama Tulizo."