Mbewa za Apampando

"Ndi ana a ku Chikanda amenewa, achimwene. Tiwagwira basi," anatero a Nickson, wapampando wa komiti yosamala mitengo, akupukusa mutu.

A Dunstan anangogwada paphulusa. Mikungudza mazana atatu imene anaibzala paphiri la Zomba, n'kumaithirira ndi ndowa zaka zinayi mawondo akulira, inali itapsa yonse ndi moto wa okumba mbewa.

Atafika kunyumba ku Mbedza, akazi awo, a Norah, anawatulutsira mbale ya mbewa zonona.

"Mwazitenga kuti zimenezi?"

"Atigawira ndi akazi awo a Nickson. Akuti bambowo anapha zambiri dzulo kuphiriko, mpaka ndiwo kuwachulukira. Sambani tidye."

A Dunstan anaviika manja m'beseni, madzi n'kuda bii.