Filimu imene inapsa bambo asanaione

Akuti panali mtsikana wina wogwira ntchito pa situdiyo yotsuka zithunzi. Bambo ake pa unyamata wawo ankagwira kamera, ndipo anajambula filimu imodzi imene anthu ankaikonda kwambiri. Atakalamba, maso awo anayamba kufa. Dokotala anati palibe mankhwala, kuwala kuzingochepa mpaka kutha.

Kampani ina inagula filimuyo n'kuitulutsanso itasintha mitundu. Dzuwa lofiirira linasanduka lotuwa, nkhope za anthu mbuu ngati adzola phulusa. Bambo aja anaionera mphuno ili pafupi ndi TV, kenako anazimitsa.

"Andiphera dzuwa langa," anatero. "Ndinkadzuka m'mawa uliwonse kulidikira kuti libwere momwe ndinkafunira. Ndikanangolionanso kamodzi, basi."

Mtsikanayo analowa m'gulu la pa foni la anthu okonda filimuyo, amene ankayesa kubwezeretsa mitundu yake yakale pa kompyuta. Vuto linali loti panalibe amene anali ndi filimu yoyambayo yoti azifananizira. Wina ankati diresi la mkwatibwi linali lachikasu, wina ankalumbira kuti linali lofiira.

"Inu munaionera muli kumsana kwa mayi anu, mungatiuze chiyani?" ankanyozana choncho.

Atafufuza kwambiri, mtsikana uja anapeza mayi wina wamasiye amene amuna ake anali ndi holo yoonetsera kanema. M'chipinda chosungira katundu munali chitini chimodzi chokha, muli mpukutu wa filimu ija, gawo lenileni la dzuwa lija. Atatsegula, munatuluka fungo ngati la viniga.

Mayiwo anapukuta chitinicho ndi nsonga ya nsalu yawo. "Tenga, mwana wanga, sindikufuna kanthu. Koma amuna anga ankati ikayamba kununkha chonchi ndiye kuti yadwala. Uzikaigwira ngati khanda."

Mnzake wa m'gulu muja, amene ankamutcha Magalasi, ataiona ananenanso zomwezo.

"Achemwali, musayerekeze kuiika m'makina. Yauma, yakhwinyata, pena yamatana. Tiziifunyulula ndi manja, tizijambula kachithunzi kamodzikamodzi."

"Zitha liti?"

"Pakufunika miyezi ndithu."

"Miyezi? Maso a bambo anga akudziwa zimenezo?"

Magalasi anangovula magolovesi ake oyera n'kumupatsa.

Mtsikanayo anakabisa chitinicho pamwamba pa wadirobu, bambo ake osawauza. Ankafuna adzangoona filimu ikuyenda pakhoma, mitundu ili ngwee. Koma sabata yomweyo bambowo anathira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina mtsikanayo atalowa, bambowo anamufunsa kuti, "Kodi ndinu ndani?" Mtsikanayo anagwidwa ndi mantha. Ku ntchito ankasokoneza zithunzi za anthu, chakudya sichinkatsika.

Ndiye anamva za bambo wina wobwereketsa makina akale oonetsera kanema, kuseri kwa msika. Sankamudziwa, koma anapita.

"Sisi, anzanuwo ndi amantha," anatero wa makinayo uku akuseka. "Kachithunzi kamodzikamodzi? Akusankha mpunga kapena? Ine ndakalambira pa zimenezi. Tiiyendetsa kamodzi, inu muzijambula pakhomapo ndi kamera yanu, madzulo ano madala aonera."

"Koma akuti yamatana."

"Makina anga amadziwa kunyengerera. Khalani apo."

Anatseka makatani, makina anayamba kulira. Pakhoma panatuluka dzuwa, lofiirira, lofunda, lenileni lija bambo ankanena. Mtsikanayo anaiwala n'kudina komwe kamera, misozi ili mbwee.

Kenako kunamveka phokoso ngati munthu akung'amba nsalu. Chithunzi chinayamba kudumphadumpha.

"Zimitsani! Chonde zimitsani!"

"Imatero poyamba, ikhazikika."

"Ndakugwirani mwendo, zimitsani!"

Pakati pa dzuwa paja panabooka chibowo chakuda, n'kumakula. Filimu inali itakodwa pa getsi lotentha, ina yonse mano a makina akuikadzula n'kumaitaya pansi. Pamene yamatana, utoto unasupuka. Pomwe wa makinayo amafika pa switchi, zonse zinali zitatha.

"Aa, koma inali yowola kale imeneyi," anatero akukupiza utsi. "Musandinamizire makina anga."

Mtsikanayo anagwada n'kumatola zidutswa, kuziika m'chitini. Kamera inali isanajambule kalikonse.

Kunyumba anapeza bambo ake atakhala pa windo. Anawagwadira n'kuulula zonse. Bambowo anapisa dzanja m'chitini, n'kumapapasa.

"Inali m'nyumba muno?"

"Eya bambo, pamwamba pa wadirobu."

"Masiku onsewa?"

"Ndimafuna mudzaione ikuyenda."

"Mayi, ine makina ndimawafuniranji? Ife tinkangoifunyulula pang'ono n'kuikweza pa windo. Maso otsalawa akanakwana."

Anatola kachidutswa kamodzi, anakakweza ku kuwala, anakayandikitsa ku diso. Anatolanso kena, n'kenanso.

"Apa pali chiyani? Tandiuza, mwina ndine amene sindikuona."

Panalibe kanthu, pulasitiki yekhayekha. Mtsikanayo anangoyamba kulira. Bambowo anamvetsa. Anamufufuza nkhope ndi dzanja, n'kumupukuta misozi ndi chala.

Sipanapite nthawi, maso awo anatsekekeratu.

Phunziro: Wakutsina khutu ndi mnansi. Mantha akakugwira, mawu okoma a munthu wosamudziwa amamveka ngati thandizo, koma chinthu chimene chatsala chimodzi chokha sachithamangira. Ndiponso ngati uli ndi kanthu kabwino ka kholo lako, kapereke lero momwe kalilimo, usadikire kuti kakongole kaye. Tumizirani abale ndi anzanu, mwina wina wabisa chake pamwamba pa wadirobu.