Mizere ya Pensulo

Tsiku lomaliza la ulendo wathu wa utumiki kudziko la eni, ndinapenta khoma la tchalitchi chawo mpaka kuseri kwa chitseko. Panali timizere tisanu ta pensulo, ine n'kungodutsitsapo burashi.

Mayi osesa m'tchalitchimo atalowa, tsache linawapulumuka. Anagwira khomalo, penti n'kuwamata zala, akuyankhula motsitsa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa abusa akomweko, amene ankatimasulira.

"Akuti mwapenta bwino." Kenako abusawo analoza pakhomapo. "Apa m'pamene ankamuyeza msinkhu mwana wawo chaka chilichonse. Tinamuika m'manda chaka chatha."

Panja basi yathu inaliza hutala. Ndinafuna kupepesa, koma m'chinenero chawo ndinali nditaloweza mawu awiri okha.

Ndinanena omwewo: "Mulungu akudalitseni."