Yemwe Anavomera pa Foni

Nambala yake itayaka pakhoma mu ofesi ya inshuwalansi, Ha Geum-rye anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba pomwe madokotala anang'amba. Mwamuna wake, Pyo Man-seok, anamugwira pachigongono. Mng'ono wake Jeom-rye ankawatsata m'mbuyo ngati wopita kukazengedwa mlandu.

Ofesi ya kampani ya inshuwalansiyo inamangidwa pomwe kale panali nyumba yosambiramo anthu onse, momwe amayi a mumzinda wa Gunsan ankakwechana pamsana n'kumaululirana zakukhosi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akugulitsa zovala ku Paraguay, Geum-rye ankaulota msewu umenewu. Anaupeza uli magalasi okhaokha, wopanda ndi mmodzi yemwe womudziwa.

Chinamubweza kwawo ndi khansa. Inshuwalansi ya boma inalipira opaleshoni, koma mankhwala atsopano amene dokotala ankafuna sinkawakhudza. Iye sanade nkhawa. Asanachoke m'dzikomo anagula inshuwalansi yowonjezera, ya mtundu wakale uja womalizitsa chilichonse chimene boma lasiya, umene masiku ano sugulitsidwanso. Koma kuchipatala anamuuza kuti zaka ziwiri zapitazo iye anasamukira ku mtundu watsopano, wotchipa, wosiyira wodwala mtolo woti asenze yekha.

Kalaliki wa pakauntala, mtsikana woyankhula mosalala ngati wa pawailesi, anafotokoza mwaulemu. Mtundu wakalewo unkakwera mtengo munthu akamakula, choncho kampani inkaimbira okalamba kuwapempha kuti asinthe. Wovomera ankapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoti aganizenso. Miyeziyo inatha kalekale. Khomo linatsala limodzi lokha: zikaoneka kuti mwini wake sanavomere, yakale ija ibwezedwa.

Geum-rye sanafunikire kuganiza. Pochoka paja, chidindo cha dzina lake chosainira mapepala, buku la ku banki ndi mapepala onse anazisiya kwa Jeom-rye. Ndipo atabwera anamupeza Jeom-rye ali ndi firiji yatsopano yosungiramo kimchi, ndiwo zamasamba zowawasa, m'kamwa muli mano oikirira oyera mbee.

“Mano amenewo unagula ndi chiyani, iwe?”

“Achemwali, chidindo chanu chili m'sokosi momwe munachikulunga. Sindinachikhudze.”

“Ukuyankhula bwino ndithu. Mano abwino amathandiza.”

Jeom-rye anati amene anamulipirira manowo ndi mkamwini wake, koma ananena motsitsa mawu, maso ali pansi, monga ankachitira ali mwana akadya maswiti a mkulu wake. Geum-rye anamukumbutsa za yemwe anasiya sukulu kukasenda nkhanu kudoko kuti mng'ono wake amalize sekondale. Anthu a pamipando anasiya kuyang'ana mafoni awo.

Man-seok, munthu wodana ndi phokoso chibadwire, anayesa kuzimitsa motowo. Anati nkhani ya pachibale siyenera kuyanikidwa pamaso pa alendo. Anati sitolo ya ku Paraguay akhoza kuigulitsa, mankhwala apezeka, ndipo mlamu wake asiyidwe. Geum-rye anamuyang'ana momvera chisoni. Zaka makumi anayi ali pabanja, bamboyu anali asanaphunzirebe kuti abale amaba.

Kalaliki uja anatsokomola pang'ono n'kunena kuti chidindo sichinagwiritsidwe ntchito. Masiku ano zoterezi zimathera pa foni, ndipo mawu a wovomera amajambulidwa n'kusungidwa.

Geum-rye anaseka chiseko chowawa. Pa foni, ngakhale malemu mayi awo sankatha kusiyanitsa mawu a ana awo awiriwa. Koma iye mwini sangasokonezeke. Anauza kalalikiyo kuti awatsegule mawuwo, mokweza, aliyense amve.

“Mayi a Su-jin, tiyeni kunyumba,” anatero Man-seok, akuitana mkazi wake ndi dzina la mwana wawo. “Thupi lanu silikufuna zimenezi.”

“Thupi langa likufuna mankhwala.” Kenako anatembenukira kwa mng'ono wake. “Akakhala mawu ako, pamaliro anga usadzapondepo.”

Jeom-rye anangokumbatira chikwama chake pachifuwa.

Kalaliki anafufuza pa kompyuta kwa kanthawi, n'kutembenuzira kasipika kwa iwo. Munamveka mnyamata wa kampani akupereka moni, akufunsa dzina ndi tsiku lobadwa. Munayankha mayi, mothamanga, ngati munthu amene manja ake ali pantchito ina. Geum-rye anawerama kuti amvetsetse. Kumbuyo kwa mayiyo wina ankanenerera mtengo wa siketi m'Chisipanishi, chiyankhulo cha ku Paraguay.

Mnyamata wa kampaniyo anawerenga mawu ataliatali, kenako anafunsa momveka bwino ngati mayiyo akumvetsa kuti miyezi isanu ndi umodzi ikatha sadzathanso kubwerera ku inshuwalansi yakale.

Ndiye pafupi penipeni ndi foniyo panamveka Man-seok akunong'ona: “Ingovomerani zonse, mayi a Su-jin, n'za ku banki izi. Kasitomala akudikira.”

“Inde,” anatero mawu a Geum-rye.