Mdala Amene Anagulira Bala Yonse Mowa Chiwongoladzanja Chitakwera

Panali mdala wina kuno ku Dubbo, dzina lake Kelvin Prowse, amene anakalambira pa ntchito yometa nkhosa. Nkhaniyi ndi yoona, kafunseni aliyense womwera pa bala ya kufupi ndi njanji.

Atalandira penshoni yake, madola 100,000, mkazi wake Noeleen anali ataipezera kale ntchito. Pakatha zaka ziwiri nayenso apume pa ntchito, awiriwo agule kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto, azungulire dziko lonse ngati anzawo a imvi.

Podikira, Kelvin anati ndalamazo aziike mu bondi. Bondi ndiye kukongoza boma ndalama. Limakupatsa chiwongoladzanja chosasintha chaka ndi chaka, nthawi ikakwana n'kukubwezera zako zonse.

"Tengani ya zaka ziwiri," anatero Noeleen.

"Imeneyo ikulipira dola imodzi pa 100. Ya zaka khumi ikulipira awiri. Nthawi ya kalavani ikakwana ndidzangoigulitsa. Iwe za ndalama uzitisiyira ife amuna."

Zaka ziwiri zitatha, wailesi inalengeza kuti chiwongoladzanja chakwera, mabondi a boma afika pa madola asanu pa 100. Kelvin anasiya tiyi ali wotentha. Anathamangira kogulitsa makalavani, n'kusankha ya madola 95,000, ya chimbudzi chake m'kati. Anaperekeratu 5,000 yosabweza. Kuchoka apo, ulendo wa ku bala.

Kwathu kuno mwayi ukakugwera umagulira anzako. Kelvin anamenya tebulo.

"Aliyense amwe! Chiwongoladzanja chakwera, bondi yanga yanenepa!"

Pakona panali Merv, mnzake amene anagwirapo ntchito ku banki. Merv anatsegula pakamwa kuti alankhule, anaona tambula ikubwera thovu lili tho, n'kutsekanso. Atamaliza yachitatu anafunsa:

"Aise, kwa ogulitsa mabondi wapitako kale?"

"Mawa."

"Ndiye tiwonjezeretu lero."

Kutacha Kelvin anavala malaya a ku maliro n'kupita ku ofesi kuja, Noeleen ali pambuyo. Mayi wa pa desiki anadinadina kompyuta.

"Mukagulitsa lero, bambo, mupeza 80,000."

"Mwati bwanji? Chakweratu chiwongoladzanja!"

"Chakwera cha mabondi atsopano. Yanuyi idakali pa madola awiri omwe aja mpaka idzathe. Ndiye munthu asiye yolipira asanu, adzagule yanu pa mtengo wonse? Mpaka muitsitse."

"Boma landibera!"

"Silinakubereni. Dikirani zaka zisanu ndi zitatu zatsalazi, likubwezerani zonse."

Noeleen anayang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka zisanu ndi zitatu? Ndi mawondo anuwa? Pofika nthawiyo mu kalavanimo tidzachita kukunyamulani ngati katundu."

Kelvin anathamangira kwa Merv. "Iwe unkadziwa! Bwanji sunandiuze?"

"M'kamwa munali mowa, aise. Wako womwe."

Bondi sanaigulitse. Kalavani inapita ndi ena, 5,000 ija inapita nayo limodzi. Loweruka lake Noeleen anagula katenti kotchipa n'kukakhoma kuseri kwa nyumba.

"Munalonjeza kuzungulira dziko, amunanga. Yambani. Za ulendo muzitisiyira ife akazi."

Kuyambira tsikulo Kelvin amagona m'tenti, ndipo Lolemba lililonse mayiyo amasuntha tenti ija kupita nayo ku ngodya ina ya mpanda. Sabata yatha Kelvin anali kumpoto, pafupi ndi bini ya zinyalala. Pano akuti wafika kum'mawa, kumene kumagona galu.

Phunziro: Chiwongoladzanja chikakwera, bondi yakale imatsika mtengo. Ndalama imene udzaifune pakatha zaka ziwiri usaimangirire zaka khumi, ndipo mnzako wodziwa za ndalama umufunse usanamugulire mowa. Tumizirani anzanu onse, makamaka aja amati za ndalama n'za amuna. Tenti zikadalipo m'sitolo.