Thanga la Pabwalo la Mayi Petronela

Bangwe yense anali pa mkangano wa chisankho cha matipate, koma Mayi Petronela chimene chinkawadyetsa mutu ndi chinsalu chachikulu chimene a Habibu ankasoka pabwalo pawo.

A Habibu ndi akazi awo a Zeinabu ankachita lendi m'nyumba yakuseri. Anafika kuchokera ku Mozambiki nkhondo ili mkati, atanyamula ana awiri ndi chinsalu chong'ambikacho. Linali thanga, nsalu imene imakola mphepo n'kuyendetsa ngalawa. Banjali linkakhala m'ngalawa momwemo pa nyanja yamchere, kuphika momwemo, kulera ana momwemo. Mpaka lero makapu awo ankapachikidwa pa misomali, ndipo poto ankamangiriridwa ku mbaula ndi waya ngati nyumbayo igwedezeka.

Zaka zonsezi thangalo linali pansi pa bedi. Nkhondo itangotha, a Habibu analitulutsa. Akaweruka pa khonde la sitolo ku Limbe, pomwe ankasoka zigamba, ankafikira pa thangalo ndi chisingano chachikulu, osamwa ndi tiyi yemwe. Munthu wake ngakhale minibasi sankakwera, ankapita ku Limbe wapansi.

"Matama basi," ankatero Mayi Petronela. "Wazolowera ngalawa, zathu zamatayala akuziona zachibwana."

Amuna otere iwo ankawadziwa bwino. Awo anapita ku Joni atalonjeza kuti akakhala zaka ziwiri, mpaka pano ngakhale kalata. Mwamuna akayamba kukonza za ulendo osayang'ana munthu kumaso, ndiye kuti wapita kale.

Ndiye taonani mkaziyo! A Zeinabu anali ataonda. Mphepo ya chiperoni ikayamba kuliza malata, ankasiya ntchito n'kumazungulira pabwalo, kukhala pansi, kudzukanso, maso ali kumitambo ya paphiri. Ankamasula chingwe choyanikira zovala n'kuchimanganso ndi mfundo zawo zachilendo zimene mphepo sinkazitha. Zikhatho zawo zinali zokhakhala ngati khungwa la mtengo.

Tsiku lina akuchapa limodzi, a Zeinabu anasimba za namondwe amene anang'amba thangalo.

"Mafunde ake, mayi, ngati phiri la Bangwe likukugwerani. Ana tinawamangirira ku mlongoti ndi chitenje. Madzi amalowa, mpunga wonse unanyowa, wina akusanza, wina akupemphera. Mdima ndi usana osasiyana." Anaima, sopo akuchucha m'manja. "Ngalawayo ikadalipo ku Kelimane. Yangosowa thanga."

Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo Mayi Petronela mtima unawawawa. Mwana wa eni wavutika chonchi, wapulumuka, wapeza pouma, kenako bambo aziti ndabwerera kunyanja, tsalani ndi ana? Ayi ndithu, osati pabwalo pawo.

Anayamba ndi mawu kwa a Habibu. "Bambo a Majidi, kodi mukuthamangira kuti ndi chinsaluchi? Akazi anu mukuwaona mmene atheramu?"

"Ndikuwaona, mayi," anayankha a Habibu osadzutsa mutu. "N'chifukwa chake liyenera kutha mwezi uno, mphepo ya kumwera isanasinthe."

Mwamva kuuma mtima kwake? Mayi Petronela analowa m'nyumba mokwiya. Anasesa posesa kale, anatsuka mbale zotsuka kale. Sabata imeneyo ankasuzumira pazenera kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse chibowo cha pa thangalo chinali chitachepa.

Lachisanu m'mawa chinatsekeka. A Habibu analiyanika pachingwe, analisisita ndi dzanja, anasamba n'kupita ku mzikiti. A Zeinabu anali atapita kumpopi ndi ana. Pabwalo panangotsala thangalo, likufufuma ndi mphepo ngati likufuna kunyamuka ndi nyumba yomwe.

Pamsewu panali lole ya Onesimo, mwana wa mchimwene wa Mayi Petronela, imene inkanyamuka kupita ku Karonga kukatenga mpunga. Dzulo lake mnyamatayo ankadandaula kuti alibe lona wofunditsira katundu.

"Iwe Onesimo, bwera kuno msanga! Lona uja ndi uyu. Nyamula, ukalidule mmene ukufunira, ndipo usabwere nalo."

"Koma azakhali, eni ake akudziwa?"

"Ndikuti nyamula!"

Lole itazimiririka ndi fumbi lake, Mayi Petronela anakhala pakhonde n'kupumira m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo, mtima wawo unakhala m'malo.

A Zeinabu ndiwo anayamba kufika. Anatula ndowa, anayang'ana chingwe chopanda kanthu, kenako anayang'ana mayiwo.

"Lapita ku Karonga, mwanawe, ndipo silibwerera," anatero Mayi Petronela monyadira. "Usandithokoze."

A Zeinabu anagwira ana pamutu mmodzimmodzi, n'kulowa m'nyumba.

Posakhalitsa anatulukira a Habibu, kofiya ili kumutu. Ataona chingwecho anaima chilili.

"Ndachita ndine," anatero Mayi Petronela. "Kaitaneni apolisi ngati mukufuna. Koma kunyanja kwanuko simupita. Mukhala pompano, mulere ana ndi akazi anu."

Chitseko chakuseri chinatseguka. A Zeinabu anatuluka ndi kamtolo kamodzi kokha, komangidwa ndi mfundo zija. Anayang'ana mitambo, anadutsa pakati pa awiriwo, n'kulunjika kokwerera basi ya ku Muloza, kumalire ndi Mozambiki. A Habibu anangoti khwethe pansi.

"Mayi, mwandipha," anatero. "Ine ndine telala wa ku Chiradzulu, m'ngalawa muja wosanza ndinali ine. Woyendetsa ndi Zeinabu, ndipo anati thanga likatha tipita tonse pa ngalawa yathu, likapanda kutha akalowa ngalawa ya anthu ena yekha."